Ba Kasonde ndi Mpira wa M'galasi

Ba Kasonde, ometa tsitsi pafupi ndi msika wa Matero, aonera mpira zaka zambirimbiri, koma wonsewo auonera chofulatira. TV ya m'shopu mwawo ili pamwamba pa chitseko, kumsana kwawo. Galasi lili kutsogolo. Ndiye akaima ndi makina m'manja, mutu wa munthu uli pansi pa chibwano chawo, Arsenal yawo amaionera m'galasimo, pakati pa botolo la sipiriti ndi chithunzi cha masitayilo a tsitsi chomwe chinafwifwa kalekale.

Ife a pabenchi timaonera choongoka. Ine dazi linandipeza ndisanakwatire n'komwe, kotero palibe chimene ba Kasonde angamete pa ine, komabe malo anga pabenchipo ndi odziwika, ndipo mlendo akakhalapo ndimamuyang'ana mpaka adzimvere yekha. Pambali panga pamakhala ba Nkole, dalaivala wa minibasi, wa Man U. Timu yawo ikaluza amati ndi refa. Ikawina amayamba kutiwerengera makapu a makedzana, ena oti anawinidwa iwo asanabadwe.

Galasi limatembenuza zinthu, ndipo palibe amene amadziwa zimenezi kuposa wometa. Koma pa nkhani ya mpira ba Kasonde safuna kumva. Panali mnyamata wina wakutsogolo amene dziko lonse linkadziwa kuti amamenya ndi mwendo wamanzere.

"Uja mwaiche, mwendo wake wa raiti ni nyundo," ankatero ba Kasonde.

"Mudala, uja ni lefuti," ba Nkole ankayankha. "Dziko lonse liziba."

"Dziko lonse linkale na vake. Ine nikamba vamene naona."

Mkangano umenewu unatha zaka, mpaka mnyamatayo anagulitsidwa ku timu ina akumenyabe ndi mwendo wamanja m'galasi la ba Kasonde. Ine poyamba zinkandipsetsa mtima, chifukwa sindikonda munthu wokana chinthu choonekeratu. Kenako ndinazolowera, monga mmene umazolowerera chitseko chofuna kunyamulidwa pang'ono potseka.

Chodabwitsa chinali china. Munthu wokonda mpira chonchi, wometa maso ali pagalasi, sanadulepo khutu la munthu kapena kusiya msewu pamutu chifukwa cha chigoli. Mpira ukamayandikira pagolo, makina ankanyamuka okha pamutu, n'kuyandama m'mwamba mpaka zitadziwika ngati walowa kapena wapita kumitambo. Tsiku lina ndinawafunsa chinsinsi chake.

"Bola siili mu TV," anatero. "Ili mu mukosi. Timu ya muntu ikayamba kuataka, mukosi wake ukosa. Ine nimvela na chala."

Ankanena zoona. Chala chawo chamanzere chimakhala pakhosi pa wometedwa, ndipo khosi likangokungika amadziwa kuti mutu uli pafupi kudumpha. Chifukwa cha ichi amadziwa timu ya mutu uliwonse wa m'Matero, ngakhale ya anthu onamizira. Pali mbusa wina amene amalalikira kuti mpira ndi msampha wa mdyerekezi. Ba Kasonde anangotinong'oneza mbusayo atatuluka kuti ndi wa Liverpool, ndiponso wodwala nayo kwambiri.

Nyengo ya Khirisimasi ndiyo yokolola kwa ometa. Ana ayenera kumetedwa kuti mitu igwirizane ndi zovala zatsopano. Pali akwati a mu Disembala ndi operekeza awo, pali anyamata a kwaya okonzekera pemphero lolowera chaka, ndipo ukamati wapuma, a sukulu afika. Ku England nako ndiyo nthawi imene magemu a ligi yaikulu amathithikana, lero mpira, mkuja mpira, osewera asanachape n'komwe masokosi. Kuno mvula ikugwa, matope akulowa m'shopu ndi nsapato iliyonse, ana akudya mango pakhomo, ndipo m'galasi muli anthu ovala magolovesi akutuluka nthunzi m'kamwa. Mvula ikakula chithunzi chimauma, wosewera n'kutsala mwendo uli m'mwamba, ife n'kumakangana za kumene mpirawo wapita mpaka mitambo itadutsa.

Ba Kasonde nyengo imeneyi ankainyadira. "Pa Khisimisi bamene basebenza tili chabe ise," ankatero, "manesi, mapuleya na ise ba baba, ogela mitu. Benangu bonse ni kudya laisi na nkuku." Ankakhulupirira kuti ligi imaphikidwa mu Disembala ndipo mu Meyi amangopakula. Arsenal ikakhala pamwamba pa Khirisimasi, ba Nkole ankati ndi njovu pamtengo, yoti palibe akudziwa mmene yakwerera koma aliyense akudziwa kuti igwa. Ba Kasonde ankangopukuta makina ndi kaburashi, n'kunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Chaka chimene ndikunenachi, miyendo ya iwo eni ndiyo inayamba kuvuta. Inkatupa madzulo mpaka anasiya nsapato n'kumavala mapatapata. Kuchipatala anawauza za kuthamanga kwa magazi, n'kuwapatsa mapiritsi omwe ankawakumbukira Arsenal ikaluza basi. Akazi awo, ba Ketty, anatopa n'kulankhula, ndipo anaimbira foni mwana wawo Victor, amene amagwira ntchito kumigodi ku Solwezi.

Victor tonse tinamuona akukula. Anayamba kuvala jezi ya Arsenal ya pasalaula, pamsika wa zovala zakale, ikumufika m'maondo, ndipo chaka chilichonse bambo ake ankamugulira ina. Atapita kusukulu yogonera komweko, kenako kukoleji ku Kitwe, mutu wake unachoka m'manja mwa bambo ake, ndipo akabwera patchuthi ankabwera atametedwa kale. Ndi mwana waulemu, wosachulutsa mawu. Anafika kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, ali ndi galimoto yahayala, pamwamba pake sofa, kumbuyo TV yaikulu ngati chitseko, ndi sola ndi batire kuti magetsi akapita mpira usapite nawo. Atatsitsa katundu kunyumba anabwera kushopu, natipatsa moni mmodzimmodzi ndi manja awiri, n'kudikira kuti mutu womaliza uthe.

"Ba dadi, mwasebenza maningi," anatero. "Manje ni ntawi yopumula. Fesitivi iyi mutambe bola monga bwana, pa sofa, mendo pa tebulo."

"Nanga mitu ya bantu?"

"Mababashopu ni yambili mu Matero. Pali na mayi wina afuna malo aya, agulitsa makava ya mafoni. Nakamba naye, angangene mu Januwale."

Ba Kasonde anayang'ana ife, ife tinayang'ana pansi. Unganene chiyani mwana akamachitira bambo ake chabwino? Ambiri pabenchi paja ana athu amatikumbukira foni yawo ikafuna mayunitsi. Mdalayo anazima makina, anakutumula tsitsi pamalaya, natenga kiyi pamsomali n'kuyika m'dzanja la mwana wake. Sanakane, ndipo ndicho chinandiopsa, chifukwa munthuyu amakana ngakhale mwendo wamanzere.

Tsiku lotsatira Khirisimasi, lomwe mpira umayamba masana n'kumangotsatizana, ine ndi ba Nkole tinasowa kolowera. Tinapita kubala ina yatsopano ya chakumsewu. TV zake zinali zabwino, sindikana, koma nyimbo zinali pamwamba pa mawu a mpira, ndipo anyamata ake sankaonera timu, ankaonera mafoni awo obetchera mpira, kutukwana wosewera chifukwa makona amene anabetchera sanakwane. Palibe anafunsa maganizo anga pa chilichonse. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, n'kukalipira galu wosalakwa.

M'mawa mwake ndinakumana ndi ba Ketty pamsika akugula tomato. Ndinafunsa za bwana wa pasofa. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Banagona," anatero.

"Usiku?"

"Awe. Pa bola. Arsenal ili kuteya, yaingiza na golo, beve bali kuliza mukonono. Kuchokela pamene banikwatila sininavionepo." Anasankha tomato wina n'kumubweza. "Mendo yaleka kuvimba, ico ni zoona. Bati sibakamba. Bankala chabe. Bwelani mubaoneko, mailo Arsenal iteya na Chelsea."

Mawa lake tinapita. Nyumba ya ba Kasonde ndi ija ya kale ya khansolo, ya mpanda wa maluwa, ndipo ba Ketty amaisamala moti ntchentche imapempha kaye isanalowe. Tinavula nsapato pakhomo chifukwa cha matope, ndipo Matero yense akanakhalapo akanaona zala za ba Nkole zikusuzumira m'masokosi. Tinakhala pamipando yoyalidwa tinsalu toluka, manja pamaondo. Anatipatsa tiyi m'makapu a alendo. TV ija inali yoti ukuona udzu umodziumodzi ndi thukuta pamphuno pa refa, koma palibe amene akanatha kumutukwana refayo pamaso pa chithunzi cha ukwati ndi kalendala ya kutchalitchi. Tinkaonera ngati tabwera kudzapepesa maliro.

Ba Kasonde anali pakati pa sofa, miyendo patebulo monga mwa lamulo la mwana wawo, atavala malaya osita. Anaoneka ochepa. Manja awo ankasowa pokhala, mwina pamimba, mwina pansi pa ntchafu, mwina kumasisita mkono wa sofa. Victor anakhala pambali pawo atavala jezi yatsopano ya Arsenal, n'kumawayang'ana pafupipafupi ngati munthu amene waphika ndiwo ndipo akudikira kuti muziyamikire.

"Pikicha ili bwanji, ba dadi?"

"Ili bwino, mwana wanga. Zikomo."

Mpira unayamba. Patapita kanthawi mdalayo anang'ung'udza kuti anyamata ake akuthamangira kolakwika, ndipo a mwendo wamanja asanduka amanzere. Ba Nkole anatsegula pakamwa kuti atsirize mkangano wa zaka zija, koma ataona nkhope ya mnzawo anatseka. Mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Kenako ndinaona kuti maso a ba Kasonde achoka pa TV. Anayamba ndi mutu wa ba Nkole, womwe unali utaphuka m'mbali, anadutsa pa dazi langa mosachedwa, n'kukaima pamutu pa mwana wawo.

"Victor, wamene anakugela anali kutamangila basi?"

"Ni ku mo, kumashopu yakulu kuja, ba dadi. Ni babashopu ya bwino."

"Laini yako yapendama. Kuchokela tsiku unabwela niiyangana chabe."

Anatero n'kubwezera manja pansi pa ntchafu. Ba Ketty anali ataima pakhomo la kukhitchini, mbale ya zitumbuwa ili m'manja, ndipo anaona zonsezo. Anaika mbale patebulo, nalowa kuchipinda. Potuluka anali atanyamula makina ometera ndi chitenje, ndipo anatuma ine, mlendo wa tiyi, kuti ndikazule galasi la padiresing'i yawo.

"Mugeleni," anauza amuna awo. "Kapena mungauke."

Tinakhazika galasi pakabati ya mbale, n'kulitsamiritsa ndi mabuku a nyimbo. Mpando wa patebulo lodyera tinauika chofulatira TV. Victor anakhala akuseka, amayi ake anamumanga chitenje m'khosi, ndipo ba Kasonde anatsitsa miyendo, naimirira, napendeketsa galasi pang'ono mpaka bwalo lonse litalowamo. Makina atangolira, munthu uja anabwerera. Msana unawongoka, mawu anakula, ndipo refa anauzidwa kuti maso ake anawasiya kwa agogo ake. Ba Nkole anamasuka mpaka anaika phazi lobooka sokosi pampando. Ine ndinamva mtima kukhala pansi.

Anayamba kumeta mbali yakumanja, chala chili pakhosi pa mwana wawo monga mwa nthawi zonse. Arsenal inatenga mpira pakati, inathamanga nawo, wina anadutsa anthu awiri n'kuponya pakati pa bokosi. Ine ndi ba Nkole tinanyamuka pamipando. Mpira unapita kunja. Victor anati aa, mokhumudwa bwinobwino, koma ndinaona kuti makina sananyamuke pamutu. Ba Kasonde anachita tsinya pang'ono, nayang'ana chala chawo ngati chawanamiza, n'kupitiriza.

Kenako Chelsea inabwera chakumbali. Sikunali kuukira koopsa kwenikweni, ife a pamipando sitinagwedezeke n'komwe. Koma makina ananyamuka. Anayandama m'mwamba mpaka goloboyi atagwira mpira, n'kutsikanso pang'onopang'ono. Ba Kasonde sanayang'anenso bwalo. Ankayang'ana nkhope ya mwana wawo m'galasi. Chelsea itabweranso kachiwiri makina ananyamukanso, ndipo ulendo uno anawazimitsa.

"Kuyambila liti?" anafunsa.

Ine sindinamve chimene akufunsa. Victor anamva. Anayang'ana pachitenje, makutu ake akuoneka kuti atentha.

"Giledi seveni, ba dadi."

"Chelsea."

"Ee."

Ba Nkole anatenga khushoni n'kubisamo nkhope, mapewa akugwedezeka. Ba Ketty anati iwo ankadziwa kalekale, chifukwa ndi iwo ankachapa zovala ndipo anapezapo kasikafu ka buluu ka Chelsea pansi pa matiresi. Ba Kasonde sanaseke.

"Nanga majezi yonse yaja? Na iyi wavala?"

"Munali kukondwela mukaniona nayo." Victor ananena motsitsa. "Ndiye chifukwa ninaleka kugelewa na imwe. Ninaziba muzamvela."

Ndinamva chisoni, ndinene zoona. Mwana uyu anathawa manja a bambo ake zaka zonsezi, n'kumakapereka mutu kwa anthu opendamitsa laini, kuopa kuwakhumudwitsa. Mdalayo anaima makina ali m'manja, akuyang'ana mutu womwe mbali ina inali yosalala ndipo ina ili chiputu.

"So iwe uvala jezi yanga kuti nikondwele," anatero potsiriza. "Na ine ninkala pa sofa yako kuti ukondwele. Tizafa na ulemu mu nyumba muno." Anatambasula dzanja paphewa la mwana wawo. "Leta kiyi."

"Ba dadi, mendo yanu. Ba dokota banakamba."

"Ninamvela vamene banakamba. Mendo yababa, niziba. Pa sofa paja palibe chibaba, bati palibe na chamene nimvela. Nimauka kuseni, nasamba, navala, nayamba kuyembekeza kugona." Anatsitsa mawu. "Sininakuuze chifukwa TV ni ya bwino, na iwe ndiwe mwana wa bwino."

Victor anayang'ana amayi ake m'galasi. Ba Ketty anapukuta manja pachitenje chawo, nanena kuti iwo anaitana mwana kuti adzapulumutse miyendo, osati kudzawasiyira chithunzi pasofa. Koma anaika malamulo awo pomwepo, ife tili mboni: mapiritsi tsiku lililonse, kaya timu yawina kaya yaluza, situlu yaitali yoti azikhalapo pometa, ndi kutseka dzuwa likalowa. Ba Kasonde anavomera zonse mofulumira kwambiri moti palibe anawakhulupirira, ndipo ine anandisankha kukhala kapitawo wa mapiritsi.

Victor anachedwabe. Ba Nkole, atatulutsa nkhope m'khushoni, anamukumbutsa kuti ometa ena onse a m'Matero ali ndi mizera yofika kumsewu, ndipo ngati akufuna kulowa chaka chatsopano ndi mutu watheka, zili kwa iye. Mnyamatayo anaseka, maso atanyowa. Analowetsa dzanja pansi pa chitenje, anafufuza m'thumba, natulutsa kiyi uja. Bambo ake anamuika m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Yangana pansi," anatero, n'kuyatsa makina.

Anameta mwakachetechete, mosamala kuposa mmene ndinawaonerapo akumeta mkwati aliyense. Asanafike pakati pa mutu, anyamata a buluu anapeza kona. Mpira unabwera m'mwamba, panachitika chipwirikiti, ndipo unalowa. Makina anali atanyamuka kale. Victor anakhala phee, nsagwada zitalumana, monga anachitira kuyambira ali mwana. Ba Kasonde anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti amupatse malo.

"Ima, mwana wanga," anatero. "Ni golo yako. Nizakuyembekeza."

Victor anaimirira, munthu wamkulu wa kumigodi, mutu watheka, chitenje cha amayi ake chili m'khosi. Anakweza manja m'mwamba koma mawu anakana kutuluka. Anatembenuka n'kukumbatira bambo ake, ndipo mdalayo anatambasulira dzanja la makina kutali kuti asamudule khutu.